Malegeni a wogulitsa makala ndi thabwa la pakhoma la labotale yathu

M'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito kudzera mumsewu wa Great East, ndimakumana ndi azibambo amene amalowa mu Lusaka kuchokera cha ku Chongwe, njinga zawo zitasenza matumba a makala, amene kuno ambiri amati malasha. Matumbawo amawamanga ndi malegeni, zingwe za mphira zija amazidula ku machubu akale a matayala. Tsiku lina ndinapeza mmodzi wa azibambowa ataima pambali pa msewu cha ku Chelstone, akumasula malegeni onse n'kuwakunganso, chonsecho panalibe thumba limene linagwa kapena chingwe chimene chinaduka. Nditawalonjera ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi simunamange bwino ponyamuka?" Iwo anandiyankha kuti anamanga mothina kwambiri usiku, koma mphira ikakhala yokokedwa nthawi yaitali imatopa, ndipo munthu wosaima panjira kuti akungenso amadzatola makala ake mumsewu.

Ine ndimaphunzitsa ophunzira za uinjiniya a chaka chachitatu pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda uno, ndipo phunziro langa ndi la zinthu zimene timamangira ndi kupangira makina. Zimene bambo aja anaziona pa njinga yawo zili ndi dzina m'mabuku athu. Amazitcha stress relaxation, kutanthauza kuti chinthu ukachikoka n'kuchisiya pa utali womwewo, mphamvu imene chikukokera nayo imanka icheperachepera. Mnzake wa khalidweli ndi creep: ukachipachika katundu wosasintha kulemera, chimanka chitalikiratalikira, monga chingwe cha nayiloni choyanikapo zovala chimene chimayamba chili chokungika, koma pakapita miyezi chimalendewera mpaka malaya kukhudza dothi. Zinthu za khalidwe lotere timati ndi viscoelastic. Wophunzira aliyense wowerenga pano asamale ndi liwu lakuti kutopa. Bambo aja analigwiritsa ntchito moyenera m'chilankhulo chathu, koma fatigue ya m'mabuku ndi nkhani ina, ya chinthu chimene chimathyoka chifukwa chopindidwa kapena kukokedwa kambirimbiri, ndipo pamayeso ambiri amagwera pamenepa.

Ophunzira amafika m'kalasi mwanga atadziwa kale lamulo limene Robert Hooke anafalitsa mu 1678, lakuti sipuling'i imatalika molingana ndi mphamvu imene waikokera, ndipo ukaisiya imabwerera nthawi yomweyo. Amakhala atakokapo chitsulo pa makina n'kupeza kuti modulus yake, yosonyeza mmene chimakanira kutalika, ili pafupifupi 200 GPa, nambala imene siisintha kaya wakoka mofulumira kaya mwapang'onopang'ono, kaya m'mawa kaya masana. Motero amakhulupirira kuti chinthu chilichonse chili ndi nambala yake imodzi yosonyeza kulimba, yongoitenga kumapeto kwa buku n'kuiika m'masamu. Ku phunziro la zamadzimadzi amakumananso ndi Isaac Newton, amene mu 1687 analemba kuti madzi kapena mafuta amakana kuyenda molingana ndi liwiro limene ukuwakankhira. Tsono mphira, mapulasitiki, phula la mumsewu, matabwa, ngakhale konkire, zili pakati pa Hooke ndi Newton. Aliyense amene anaphikapo nsima amazidziwa zimenezi ndi chala chake: mtanda ukaudina mwachangu umabwerera, koma ukausiya m'mbale udakali wotentha umaphwatalala pang'onopang'ono. Therere nalo ukalitunga limakokeka ngati ulusi n'kubwererako pang'ono, zimene madzi sangachite. Mmodzi wa oyamba kulemba za khalidweli mosamala anali Wilhelm Weber wa ku Germany, amene mu 1835 anaona kuti ulusi wa silika ukaupachika katundu umatalika nthawi yomweyo, kenako umapitiriza kutalika pang'onopang'ono, ndipo ukachotsa katunduyo umachedwa kubwerera.

Kumene kuli ndalama, khalidweli amaliyeza ndi makina otchedwa dynamic mechanical analyser, amene amagwedeza kachidutswa kakang'ono kali m'kabokosi kotenthetsa ndi kuziziritsa, n'kulemba okha zonse pakompyuta. Mtengo wa makina amenewa dipatimenti ngati yathu singaufikire. N'chifukwa chake kwa zaka zingapo mutuwu ndinkauphunzitsa pabolodi pokha, kujambula masipuling'i ndi kulemba masamu, ndipo ophunzira ankakhoza ndithu. Chimene chinandisintha ndi funso la mtsikana wina amene ankakhala kutsogolo. Nditamaliza kufotokoza za tau, chilembo cha Chigiriki chimene chimaimira nthawi imene chinthu chimatenga kuti chikhwefuke, iye anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi tau ameneyu inu munamuyezapo, kapena tonse tikungomumva m'buku?" Ndinamuuza zoona, kuti sindinamuyezepo. Usiku umenewo ndinakumbukira mawu a makolo akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo m'mawa mwake ndinapita kwa bambo amene amasamalira labotale yathu, munthu wachikulire amene wagwira ntchito ndi zitsulo zaka zambiri kuposa zimene ine ndaphunzitsa, n'kuwafotokozera za malegeni a wogulitsa makala uja.

Chipangizo chimene tinapanga n'chosavuta. Tinakhomera thabwa lolimba la mlombwa, umene kuno amati mukwa, pakhoma la njerwa lam'kati limene silifikidwa ndi dzuwa. Pamwamba pake bambo a mu labotale aja anaikapo chopanira cha tizitsulo tiwiri tomangidwa ndi mabawuti, n'kumata sandipepa m'kati mwake kuti mphira isaterereke. Chubu tinachigula kwa wokonza matayala ku Kamwala, ndipo tinachidula ndi lezala watsopano motsatira rula yachitsulo, pakuti kabala kakang'ono m'mphepete n'kokwanira kuwononga ntchito yonse. Chidutswa chilichonse timachiyeza kukhuthala kwake ndi vernier pa malo asanu, chifukwa chubu sichikhala chofanana ponseponse. Kenako timalemba timizere tiwiri toyera totalikirana mamilimita 200, kuika rula kumbuyo kwake, ndi kuimika foni pa choimikira kuti ijambule vidiyo. Katundu wathu ndi mabotolo a mchenga wouma oyezedwa pa sikelo. Za timizere toyerato anaumirira ndi bambowo. Ine ndinkafuna kuyeza kuchokera pa chopanira chapamwamba kufika pa chapansi, koma iwo anati, "Aphunzitsi, mukatero muyeza kuterereka kwa mphira m'zopanira, ndipo ana adzaganiza kuti ndiyo creep." Ananena zoona, ndipo ngakhale m'malabotale akuluakulu cholakwika chimenechi chimadziwika.

Masamu oyamba amene ophunzira amachita ndi a stress, ndiko kuti mphamvu yokoka kugawa ndi malo amene ikugwirapo. Kilogalamu imodzi imakoka ndi mphamvu ya 9.81 N, ndipo chidutswa cha mamilimita 10 m'lifupi ndi milimita imodzi kukhuthala chili ndi malo a 10 mm², ndiye kuti stress ili pafupifupi 1 MPa. Kwa chitsulo imeneyi ndi yaing'ono kwambiri, koma kwa mphira, imene modulus yake ndi ma MPa ochepa chabe, ndi yaikulu moti chidutswacho chimatalika kwambiri n'kuwonda, ndipo masamu osavuta a linear viscoelasticity, amene amati katundu akalemera kawiri kutalikanso kumakhala kawiri, sagwiranso ntchito. Ndimawasiya kuti azindikire okha zimenezi. Amayamba ndi katundu wopepuka, kenako amatenga chidutswa china n'kuchipachika katundu wolemera kawiri, ndipo pa nthawi iliyonse amatenga strain, ndiko kuti kutalika kowonjezeka poyerekeza ndi utali woyamba, n'kuigawa ndi stress. Ngati mizere iwiriyo yagona pamodzi pagalafu, ndiye kuti adakali m'malire amene masamu athu amalola, koma ikasiyana ayenera kuchepetsa mchenga. Kuyesa kumeneku sikudya ndalama, koma ndaonapo malipoti ambiri a chaka chomaliza amene sanakuchite, ndipo nambala zawo zonse zinali pamchenga.

Chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi kawerengedwe ka nthawi. Wophunzira ukamupatsa wotchi amafuna kulemba pa mphindi iliyonse, mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chifukwa ndi mmene anazolowerera. Koma zambiri zimachitika m'masekondi oyambirira, kenako mphira imayenda ngati nkhono, moti amene akulemba pa mphindi iliyonse amaphonya chiyambi chonse n'kudzaza tsamba ndi nambala zofanana, kenako n'kunena kuti chinthucho chaima. Sichinaime ayi. Timalemba pa sekondi 1, 2, 5, 10, 20, 50, 100, 200, 500, 1,000, n'kumapitiriza choncho, ndipo pagalafu nthawi timaiika pa log, kutanthauza kuti kachigawo kalikonse kamaimira nthawi yochuluka kakhumi kuposa kam'mbuyo. Pamenepo mzere umene unkaoneka ngati wagona umaoneka kuti ukukwerabe. Ndimakonda kuwawerengetsa mtengo wa sitepe iliyonse: masekondi 1,000 ndi mphindi pafupifupi 17, masekondi 10,000 ndi maola awiri ndi mphindi 47, masekondi 100,000 ndi maola pafupifupi 28, ndipo masekondi 1,000,000 ndi masiku opitirira 11. Kuti uwonjezere kachigawo kamodzi pagalafu uyenera kudikira kakhumi kuposa mmene wadikira kale, ndipo apa mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ophunzira amaumvetsa popanda wowamasulira. Chiyambi nacho chili ndi msampha wake. Botolo sitiligwetsa, chifukwa likagwa limanjanja n'kusokoneza zonse, koma timalitsitsa ndi dzanja modekha, ndipo kutsitsako kumatenga nthawi. Lamulo limene timatsatira ndi lakuti ngati kutsitsa kwatenga sekondi imodzi, nambala zonse za masekondi khumi oyamba tizizikayikira. Vidiyo ya pafoni, imene imajambula zithunzi 30 pa sekondi, timaiika mu pulogalamu yaulere yotchedwa Tracker, imene imatsatira timizere toyera tija chithunzi ndi chithunzi. Pomaliza timachotsa botolo n'kupitiriza kulemba, pakuti kabwereredwe ka mphira kamatiuza gawo limene linali lobwereka ndi gawo limene lapita kotheratu.

Nambala zikapezeka m'pamene ndimatulutsa masipuling'i aja ndinkangowajambula pabolodi. Amayendera limodzi ndi dashpot, kachipangizo kokana kuyenda mofulumira, ndipo yathu ndi jakisoni wopanda singano wodzaza mafuta a injini: ukamukankha mofulumira amakana, ukamukankha modekha amalola. James Clerk Maxwell mu 1867 anapereka masamu amene lero timawajambula ngati sipuling'i ndi dashpot zolumikizidwa motsatana. Ukazikoka n'kugwira pamalo amodzi, sipuling'i imakoka jakisoni pang'onopang'ono mpaka dzanja lako limamva kupepuka, ndipo nthawi yofanana ndi tau ikakwana mphamvu yotsala imakhala 37 peresenti ya poyamba. Lord Kelvin ndi Woldemar Voigt dzina lawo lili pa kamangidwe kena, koika ziwirizo moyandikana kuti zizitalika pamodzi, ndipo apa katundu amatsika mwapang'onopang'ono n'kufika 63 peresenti ya ulendo wake pa tau mmodzi. Kamangidwe koyamba kamafotokoza bwino malegeni okhwefuka, koma kamanena kuti mphira idzayenderera mpaka kalekale, zimene si zoona. Kachiwiri kamafotokoza creep, koma sikalola kutalika kwa nthawi yomweyo kumene aliyense amakuona ndi maso. Kuphatikiza masipuling'i awiri ndi dashpot imodzi, kumene kumadziwika ndi dzina la Clarence Zener kuyambira cha mu 1948, kumakonza zonse ziwiri. Wophunzira akagwira zimenezi m'manja n'kumva jakisoni akugonja, masamu a pabolodi aja amasanduka chinthu chimene thupi lake ladziwa.

Komabe akayesa kugoneka mzere wa Zener pa nambala zawo, sugona. Umagwirizana pakati, n'kuphonya poyamba ndi pomaliza. Apa ophunzira ambiri amada nkhawa poganiza kuti alakwitsa, ndipo ena amafuna kusuntha nambala zawo kuti zimvere buku. Pamenepa ndimalimba mtima kwambiri, chifukwa injiniya amene waphunzira kukonza nambala kuti zisangalatse mphunzitsi adzazikonzanso kuti zisangalatse bwana, ndipo mlatho sudziwa bwana. Nambala zawo n'zoona, chimene chaperewera ndi model, kamangidwe ka masipuling'i ndi dashpot kaja. Mphira ndi mapulasitiki zinapangidwa ndi mamolekyu aatali ngati ulusi wopiringizana m'thumba la telala. Tizigawo tating'ono ta ulusiwo timasuntha m'kanthawi kochepa, zigawo zazitali zimafuna mphindi, ndipo zokolana kwambiri zimafuna masiku. Choncho tau sakhala mmodzi, amakhala ambiri, ndipo timawonjezera masipuling'i ndi ma dashpot, pafupifupi limodzi pa kachigawo kalikonse ka galafu, mpaka mzere utagona. Chimene chimaletsa mphira ya chubu kuyenderera ngati uchi ndi timaulalo tomanga ulusiwo wina ndi unzake, timene timapangidwa pophika mphira ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear analandira nayo patent mu 1844.

Chaka choyamba tinagwa m'vuto limene linatiphunzitsa zambiri. Magulu awiri anayeza chidutswa chimodzi, lina m'mawa lina masana, ndipo anapeza zosiyana kwambiri moti anayamba kulozana zala. Titafufuza tinapeza kuti gulu lachiwiri linapachika botolo lake chidutswacho chisanamalize kubwerera. Ludwig Boltzmann anafotokoza mu 1874 kuti chinthu chotere chimakumbukira: mmene chilili tsopano ndi kuphatikiza kwa zonse zimene zinachichitikira m'mbuyo, zaposachedwa zikulemera kuposa zakale. Pa mphira yosakaniza ndi ufa wakuda wotchedwa carbon black, monga ya machubu, palinso china chotchedwa Mullins effect, chakuti kukoka koyamba kumaifewetsa, moti kukoka kwachiwiri sikufanana ndi koyamba. Kuyambira pamenepo chidutswa chilichonse chili ndi nambala yake ndi tsamba lake m'kope la mu labotale. Timayamba tachikoka kangapo, n'kuchisiya chigone usiku wonse, kenako n'kuchiyeza. Ngoziyo tinaisandutsanso phunziro: ophunzira amapachika botolo limodzi, pakapita nthawi amawonjezera lachiwiri, ndipo amalosera ndi masamu a Boltzmann zimene zichitike asanayang'ane rula.

Kuti tiyeze zimene wogulitsa makala uja ananena tinafunika kachipangizo komva mphamvu. Tinagula load cell yaing'ono ya mtundu umene umakhala m'masikelo a kukhitchini, kabolodi ka HX711 kamene kamawerenga ka 10 kapena ka 80 pa sekondi, ndi kakompyuta kakang'ono ka Arduino kolemba nambalazo pa memory card. Mphira timaikoka ndi bawuti lalitali mpaka pa utali umene tasankha, n'kuisiya. Ophunzira amene amakonda zamagetsi amasangalala kwambiri ndi gawo limeneli, koma ndimawakumbutsa kuti nambala yotuluka pakompyuta si yoona chifukwa chakuti yatuluka pakompyuta. Load cell yotsika mtengo nayo ili ndi creep yakeyake, ndipo imasuntha kutentha kukasintha. Choncho asanayeze mphira amapachika chitsulo cha kulemera kodziwika kwa ola lathunthu kuti aone mmene chipangizocho chimayendera pachokha, ndipo zimenezo amazichotsa pa zotsatira zawo. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, ntchito yathu sinaime. Arduino inkayenda ndi power bank, ndipo botolo la mchenga silifuna magetsi.

Kutentha kunayamba ngati chosokoneza, kenako kunakhala gawo limene ndimalikonda kuposa onse. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, pamene masana a mu Okutobala amapitirira madigiri 30, ndipo pansi pa denga lamalata kumatentha kuposa apo. Gulu loyeza mu Juni ndi gulu loyeza mu Okutobala silingapeze zofanana, ndiye lamulo lathu n'lakuti nambala yopanda kutentha kolembedwa pambali pake sitiilandira. Chinthu chilichonse cha mtundu umenewu chili ndi malire ake otchedwa glass transition: pansi pa malirewo chimauma ngati galasi, pamwamba pake chimafewa ngati chikopa kenako ngati mphira. Pa mphira yachilengedwe malirewa ali cha pa madigiri 70 pansi pa ziro, pa PVC ya mapaipi cha pa 80 pamwamba pa ziro, pa polystyrene cha pa 100, ndipo pa PET ya mabotolo a zakumwa cha pa 70, n'chifukwa chake botolo lotere limakwinyika ukathiramo madzi owira. Poyesa kutentha timasiya malegeni n'kutenga chingwe cha nayiloni chowedzera nsomba, chimene malire ake chikakhala chouma ali pafupi ndi madigiri 50. Timachiika m'bokosi lotsekedwa bwino lokhala ndi babu lotenthetsa ndi choyezera kutentha, n'kuyeza creep pa madigiri osiyanasiyana. Nayiloni imamwa chinyezi, ndipo chinyezicho chimatsitsa malire aja, moti chingwe cha m'dzinja si chimodzi ndi chingwe cha m'chilimwe. Zimenezinso ophunzira amazilemba.

Mizere imene yapezeka pa kutentha kosiyanasiyana amaijambula pa mapepala oonekera, n'kuwasanjika pawindo, n'kumawasuntha cham'mbali mpaka mizereyo italumikizana kukhala mzere umodzi wautali. Nthawi imeneyi m'kalasi mumakhala zii. Amaona kuti ola limodzi la m'bokosi lotentha lawauza zimene zikanatenga masiku ambiri pamalo ozizira, ndiye kuti kutentha kwawagulira nthawi. Malcolm Williams, Robert Landel ndi John Ferry anapereka masamu a kusunthaku mu 1955, ndipo timawatchula ndi zilembo za mayina awo kuti WLF. Ndimawachenjeza kuti masamuwo anapangidwira mapulasitiki opanda makristo m'kati, kuyambira pa glass transition kufika madigiri pafupifupi 100 pamwamba pake, moti pa nayiloni ndi polyethylene kusunthako kuyenera kuchitika mosamala, poona ngati mizere ikulumikizanadi popanda kuikakamiza.

Kugwedeza timakuchita mwachidule. Timapachika botolo pa mphira, kulikokera pansi pang'ono n'kulisiya, ndipo foni imajambula mmene kunjanja kwake kukucheperera. Tikagawa kukula kwa kunjanja kumodzi ndi kukula kwa kotsatira, natural logarithm ya yankholo, ikagawidwa ndi pi, imapereka pafupifupi tan delta, nambala yosonyeza gawo la mphamvu limene latayika n'kusanduka kutentha. Machubu ambiri amapangidwa ndi mphira ya butyl, imene William Sparks ndi Robert Thomas anaipanga mu 1937, ndipo imakondedwa chifukwa sitaya mpweya msanga. Imeneyi imapha kunjanja mofulumira, pamene kalamba ka mphira yachilengedwe komangira ndalama kamavina kwa nthawi ndithu. Mphamvu yotayikayo ndi yomwe imatenthetsa tayala la basi yochokera ku Chipata.

Ena amandifunsa ngati zonsezi zili ndi ntchito kwa injiniya amene adzagwira ntchito mu Zambia. Ndimawauza kuti ayang'ane msewu pamene malole olemera amaima pa maloboti kapena kukwera chitunda pang'onopang'ono m'mwezi wa Okutobala, aone migula imene matayala amasiya m'phula. Lole yomweyo ikamathamanga phula limakhala ngati cholimba, pakuti katunduyo amadutsa m'kanthawi kochepa, koma ikaima pa dzuwa phula limapeza mpata woyenderera. N'chifukwa chake poyeza phula ndi singano, m'njira imene imatipatsa magiredi ngati 60/70, zonse zinaikidwa mosasinthika: magalamu 100, masekondi 5, madigiri 25. Mapaipi akuda a madzi olembedwa PE100 nawonso ali ndi nkhani yomweyi. Dzinalo limatanthauza kuti pulasitiki yake ingapirire stress ya 10 MPa kwa zaka 50 pa madigiri 20, ndipo palibe amene anadikira zaka 50 kuti adziwe. Anawayeza m'madzi otentha n'kutalikitsa mzerewo ndi masamu, motsatira malamulo a kayezedwe otchedwa ISO 9080, mofanana ndi zimene ophunzira anga amachita pawindo. Injiniya amene akumvetsa zimenezi sangalole kuti paipi yotere iyalidwe pamtunda pa dzuwa n'kumayembekezera kuti ipirire ngati yokwiriridwa. Markus Reiner mu 1964 anapatsa maganizo amenewa dzina lakuti nambala ya Debora, potengera nyimbo ya Debora ya m'buku la Oweruza chaputala 5, imene iye anaimva kuti ikunena za mapiri oyenderera pamaso pa Mulungu. Nambalayo ndi tau wa chinthu kugawa ndi nthawi imene ukuchiyang'ana: ikakhala yaikulu chinthucho chimaoneka cholimba, ikakhala yaing'ono chimaoneka chamadzi. Ku University of Queensland ku Australia, Thomas Parnell anathira phula louma, loti ukalimenya ndi nyundo limasweka, m'fanelo mu 1927, n'kutsegula kunsi kwake mu 1930, ndipo dontho lachisanu ndi chinayi linatsika mu 2014.

Pa kafukufuku wa chaka chomaliza, ophunzira ambiri masiku ano amafuna kupanga njerwa za pansi kapena matailosi posungunula mapulasitiki otayidwa n'kusakaniza ndi mchenga, ndipo ndimawalimbikitsa chifukwa zinyalala zimenezi zadzaza ngalande zathu. Koma kawirikawiri amaphwanya njerwa imodzi pa makina kwa mphindi ziwiri n'kulemba kuti ndi yolimba kuposa konkire. Ine sindisaina lipoti lotero. Njerwa ya pulasitiki imene galimoto idzaimapo masana onse pa dzuwa iyenera kuyezedwa itasenza katundu kwa masabata, pa kutentha kumene idzakumana nako, ndipo zidutswa zikhale zosachepera zitatu kuti tione mmene zikusiyanirana. Ndimawatuma kuti awerenge ISO 899 ndi ASTM D2990, zimene zimafotokoza kayezedwe ka creep pa mapulasitiki, kenako alembe poyera pamene thabwa lathu likugwirizana nazo ndi pamene likuperewera. Limaperewera m'zambiri ndithu. Silingaone kusuntha kwakung'ono kwa mapulasitiki ouma popanda dial gauge yowerenga 0.01 mm, silingafike kuzizira kwa pansi pa ziro, ndipo silingagwedeze chinthu kambirimbiri pa sekondi. Makina enieni tikuwafunabe, ndipo chaka chilichonse ndimawalemba pa mndandanda wa zopempha.

Kumapeto kwa thabwa lija, pakona pamene palibe amene amadutsa, pali chidutswa chimodzi cha mphira chimene bambo a mu labotale anachipachika tsiku limene tinamaliza kukhoma, ndipo anachiphimba ndi katoni kuti kuwala ndi fumbi zisachifike. Pambali pake pali kope lomangiriridwa ndi ulusi ku msomali. Amene wayamba kulowa Lolemba m'mawa amavundukula katoniyo, kuwerenga pamene kamzere koyera kafika, ndi kulemba tsiku, nthawi, kutentha ndi dzina lake. Tsopano pamafunika miyezi kuti kamzereko kasunthe mooneka, ndipo mlungu uno bambowo aikapo galasi lokulitsa zinthu kuti wowerenga athe kugawa milimita pakati.